Kuwedza Nsomba pa Gombe Lacilendo

Mau atsopano

gombe: mtunda wa m'mbali mwa nyanja
mafunde: madzi amene amatukuka ndi kusweka pa gombe
kuphwa: kucepa kwa madzi
nyambo: cakudya cimene amaika ku mbedza
mtovu: citsulo cofewa koma colemera
khwawa: njira imene madzi amakumba
thanthwe: mwala waukulu wosanyamulika
namondwe: cimphepo camphamvu cobwera ndi mvula

Nyanja yamcere ili kuti?

Dziko la Zambia lili ndi nyanja zingapo. Kuli Kariba, Bangweulu, Mweru ndi Tanganyika. Madzi a nyanja zimenezi sawawa mcere. Nyanja yamcere ili kutali, ku maiko ena.

Koma madzi a mu Zambia amafika kumeneko. Mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi pa boma la Luangwa. Zambezi nayo imalowa m'dziko la Mozambique. Imapita pa Cahora Bassa ndi pa Tete. Potsiriza imathira m'nyanja yaikulu yamcere, dzina lake Indian Ocean. Ulendo wonse wa Zambezi uposa makilomita 2,500.

M'mbali mwa nyanja imeneyi muli mzinda wa Beira. Malole ambiri amatenga katundu ku Beira ndi kubwera naye ku Zambia. Ena amalowera pa malire a Chanida, kufupi ndi Katete. Conco alipo anthu a ku Zambia amene amafika ku nyanja yamcere. Ena a iwo amakonda kuwedza nsomba.

Nyanja yamcere ndi yaikulu zedi. Munthu akaima pa gombe saona tsidya lina. Amangoona madzi okha-okha mpaka kumene akumana ndi thambo. M'lita imodzi ya madzi ake muli mcere wokwana magalamu 35. Amenewa ndi masupuni ang'ono pafupi-fupi 6. Madzi otere samwedwa. Munthu akamwa, ludzu limakula.

Msodzi wa ku Luangwa akhoza kukhala katswiri kwao. Adziwa pamene pamabisala mlamba. Adziwanso dziwe la ng'ona. Koma akafika pa gombe la nyanja yamcere, iye ndi mlendo. Akafulumira kuponya mbedza, abwerako cimanja-manja. Mwinanso madzi akhoza kumutenga. Nanga mlendo wanzeru amacita ciani?

Coyamba ndi kufunsa

Akulu anati, safunsa anadya phula. Gombe lililonse lili ndi eni ake. Kuli amuna amene amawedza tsiku ndi tsiku. Kulinso amai amene amatola nkhono ndi nkhanu madzi akaphwa. Anthu amenewa adziwa malo abwino ndi malo oopsa.

Anthu a ku Beira amalankhula Cisena, Cindau ndi Cipwitikizi. Cisena cili ndi mau ena ofanana ndi a Cinyanja, monga mau akuti madzi. M'Cipwitikizi, moni wa m'mawa ndi "Bom dia".

Mlendo amayamba ndi moni. Kenaka amafunsa mwaulemu, amvekere:

"Zikomo atate, ine ndine mlendo kuno. Kodi madzi ayamba nthawi yanji kukwera lero?"

"Nanga amai, ndi pati pamene munthu sayenera kuponda?"

Amafunsanso za nyambo imene nsomba za kumeneko zikonda. Amafunsa nsomba zimene sizidyedwa. Saiwala kufunsa za malamulo, cifukwa dziko lililonse lili ndi malamulo ake a usodzi. Ku Mozambique, mlendo wofuna kuwedza ayenera kutenga cilolezo ca boma.

Akatha kufunsa, amakhala pansi ndi kupenyerera. Amaona pamene eni gombe aimirira. Amaona kumene aponya zingwe zao. Ngati pali malo amene onse akuwalambalala, iyenso sapitako. Pali cifukwa cake.

Madzi amene amapita ndi kubwera

Mtsinje umadzala nthawi ya mvula. Umaphwa nthawi ya cilimwe. Nyanja yamcere siidikira mvula ai. Imadzala ndi kuphwa tsiku lililonse, kawiri pa tsiku!

Madzi amakwera kwa maola pafupi-fupi 6. Kenaka amatsika kwa maola enanso 6. Akatero amayambanso kukwera. Zimacitika usana ndi usiku, caka conse.

Cimacititsa zimenezi n'ciani? Ndi mwezi. Mwezi uli ndi mphamvu yokoka madzi a m'nyanja. Dzuwa nalo limakoka, koma mphamvu yake pa madzi ndi yocepa poyerekeza ndi ya mwezi. Nthawi zina mwezi ndi dzuwa zimakoka pamodzi. Izi zimacitika mwezi ukaoneka wonse, wozungulira ngati licero. Zimacitikanso masiku amene mwezi suoneka konse usiku. Masiku amenewo madzi amakwera kwambiri, ndipo amaphwanso kwambiri.

Ku Beira, pa masiku otere, madzi amakwera mamita 6. Taganizani! Nyumba ya m'mudzi ikhoza kumira yonse ndi denga lomwe.

Nthawi ya kukwera kwa madzi imasintha tsiku ndi tsiku. Imacedwa ndi mphindi pafupi-fupi 50. Ngati lero madzi adzala pa 08:00, mawa adzadzala ca m'ma 08:50. N'cifukwa cake msodzi sadalira nthawi ya dzulo. Amafunsa ya lero. Asodzi ena ali ndi pepala losonyeza nthawi zimenezi. Ena amaziona pa foni.

Apa ndiye pali ngozi yaikulu kwa mlendo. Madzi akaphwa, amasiya mcenga wambiri poyera. Munthu akhoza kuyenda mtunda wautali pa mcenga umenewo. Amaona ngati ali pa mtunda. Koma madzi saiwala khwawa. Pobwera, amayamba kulowa m'malo otsika. Amazungulira kumbuyo kwa munthu mwakacete-cete. Iye maso ali ku cingwe. Akati aceuke, apeza ali pa kacisumbu, njira yatsekeka. Posapita nthawi kacisumbu kaja nako kamamira.

Conco msodzi wanzeru amaceuka kawiri-kawiri. Ena amazika kamtengo pamene madzi alekezera. Kamtengo kakayamba kumira, adziwa kuti madzi akukwera. Basi, amanyamula zake ndi kubwerera kumtunda njira ikali youma.

Kuwerenga gombe

Mwana wa sukulu amawerenga buku. Msodzi amawerenga gombe. Nthawi yabwino yowerengera ndi pamene madzi aphwa, cifukwa pansi pa nyanja pamaoneka.

Pansi pa nyanja si posalala ngati bwalo la mpira. Pali mitumbira ya mcenga. Pali maenje ndi makwawa. Penanso pali matanthwe. Mlendo amayenda m'mbali mwa gombe ndi kuona zonsezi. Amaika cizindikiro m'mutu. Mwina khwawa lalunjika pa mtengo wa kokonati. Mwina dzenje lili pafupi ndi nyumba yoyera. Ku gombe la Macuti, ku Beira, kuli nsanja yaitali ya nyale younikira zombo. Ili ndi mizere yofiira ndi yoyera. Cinthu cotere ndi cizindikiro cabwino, cifukwa cimaonekera patali ndipo sicisuntha.

Madzi akabwera, amaphimba zonse. Komabe mafunde amaulula za pansi. Pamene mafunde asweka ndi kucita thovu loyera, pamenepo ndi posaya. Pali mtumbira wa mcenga. Pamene madzi aoneka akuda ndi odekha, pamenepo ndi pozama. Pali dzenje kapena khwawa.

Nanga nsomba zimakhala pati? Zimatsata cakudya. Mafunde akamasweka pa mtumbira, amafukula nyongolotsi, tinkhanu ndi tinkhono. Madzi amakokera timeneti m'khwawa. Nsomba zimadikira m'mphepete mwa khwawalo, kukamwa kuli yasa! Apo ndi pamene msodzi amaponya nyambo yake. Nthawi zambiri malo amenewa sakhala kutali. Woponya kutali kwambiri akhoza kupitirira nsomba zimene zili pafupi ndi mapazi ake.

Nsomba zimapezekanso pafupi ndi matanthwe, ndiponso pamene mtsinje uthira m'nyanja. Mbalame nazo zimathandiza. Zikamagwera m'madzi pamalo amodzi, ndiye kuti pali tinsomba tating'ono. Pansi pa tinsombato pamakhala nsomba zazikulu zimene zikutithamangitsa.

Nsomba zambiri zimadya bwino pamene madzi akukwera. Zimakondanso m'mamawa ndi madzulo, dzuwa lisanatenthe kapena litapepa.

Zida ndi nyambo

Ku mtsinje, ana amawedza ndi kansungwi, kacingwe ndi mbedza. Amamangirira kaphesi koyandama. Kaphesi kakamira, adziwa kuti nsomba yadya.

Pa gombe la mafunde kaphesi sikathandiza. Mafunde amakabweza kumtunda nthawi yomweyo. Apa pafunika cinthu colemera cakuti nyambo ikhale pansi. Asodzi amagwiritsa nchito mtovu. Mtovu wina uli ndi timawaya tonga zala. Timawayato timagwira mcenga kuti madzi asaukoke. Amene alibe mtovu amamangirira mwala kapena kacitsulo.

Cingwe ciyenera kukhala cacitali ndi colimba. Asodzi ena ali ndi ndodo yaitali, yoposa mamita 3. Pa ndodoyo pali kagudumu kokulungira cingwe. Ndodo yaitali imaponya kutali, ndipo imakweza cingwe pamwamba pa mafunde. Asodzi ena alibe ndodo. Amakulunga cingwe ku botolo kapena ku kathabwa. Amazunguza mtovu m'mwamba, kenaka n'kuutaya m'madzi. Nawonso amagwira nsomba ndithu.

Nyambo yabwino ndi cakudya cimene nsomba zizolowera pamalopo. Ku Mozambique asodzi amakonda camarão. Kameneka ndi kanyama ka m'madzi ka miyendo yambiri ndi ndevu zazitali, kacibale ka nkhanu. Amakondanso lula, nyama yofewa ya m'nyanja yokhala ndi mikono khumi. Ena amadula tinsomba tating'ono. Ena amakumba nyongolotsi za mu mcenga. Nyambo yofewa amaikulunga ndi ulusi ku mbedza, kuti isagwe poponya.

Asanaponye, msodzi amaceuka. Mbedza ikhoza kukola khutu kapena diso la mnzake. Akaponya, amakoka cingwe kuti cikhale cowongoka. Amaikapo cala ndi kumvetsera. Funde limakoka pang'ono-pang'ono, kenaka n'kuleka. Nsomba imagwedeza mwamsanga, gwede gwede! Mlendo amatenga nthawi kuti asiyanitse ziwirizi. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nsomba ikakodwa, msodzi salowa m'madzi kukailonda. Amabwerera cam'mbuyo uku akukulunga cingwe. Amadikira funde kuti limuthandize kukankhira nsomba pa mcenga.

Zoopsa za pa gombe

Pa magombe ambiri pali malo amene mafunde sasweka. Kumanzere kuli thovu, kumanja kuli thovu, koma pakati pali bata. Mlendo amaganiza kuti apa ndiye pabwino kusamba. Ai ndithu! Pamenepo ndi pa njira ya madzi obwerera m'kati mwa nyanja. Madzi ake amathamanga kwambiri. Nthawi zina amaoneka amatope, ndipo amanyamula zinyalala kupita nazo kutali.

Madzi amenewa akatenga munthu, iye asalimbane nawo. Akalimbana nawo amatopa msanga ndipo amamira. Ayenera kuyandama, kukweza dzanja ndi kukuwa. Ngati adziwa kusambira, asambire cam'mbali, motsata gombe. Njira ya madziwa siikhala yotakata kwambiri. Akatulukamo, mafunde amamuthandiza kubwera kumtunda.

Mafunde nawo sakhala olingana. Pakapita ang'ono-ang'ono angapo, pamabwera cimfunde cacikulu. Cikhoza kugwetsa munthu amene waima pa thanthwe. Thanthwe lonyowa limatanthauza kuti mafunde amafikapo. Limatereranso. Msodzi safulatira nyanja akakhala pafupi ndi madzi.

Zamoyo zina za m'nyanja zimapweteka. Kuli nsomba yaphanthi-phanthi yonga mbale, dzina lake raia. Imadzikwirira mu mcenga, ndipo ili ndi munga waululu ku mcira. Asodzi poyenda m'madzi osaya amakwekwesa mapazi pansi kuti ithawe. Kuli mlamba wa m'nyanja yamcere. Minga yake ili ndi ululu, conco sagwidwa mwacisawawa. Kulinso nsomba imene imadzitukumula ngati mpira ikagwidwa. Imeneyi ili ndi poizoni wakupha. Ngakhale aiphike bwanji, poizoniyo satha. Lamulo la mlendo ndi ili: nsomba yosaidziwa saidya asanafunse.

Pa mcenga pamagwa tinthu tobiriwira ngati thambo, tonga timabaluni, tokhala ndi zingwe zazitali. Ndi tokongola, koma timaotcha khungu ngati moto. Timaotcha ngakhale titafa. Mwana asatitole.

Pafupi ndi pothira mitsinje pakhoza kukhala ng'ona. Pamabweranso shaki wa mtundu wina amene amatha kulowa m'mitsinje. Kumwera kwa Africa anthu anamupatsa dzina la mtsinje wa Zambezi.

Nyengo nayo ndi yofunika kuiona. Kuyambira Novemba mpaka Epulo, anamondwe amatha kufika ku gombe la Mozambique. Mu Marichi 2019, namondwe Idai anaononga kwambiri mzinda wa Beira, ndipo anthu ambiri anafa. Wailesi ikacenjeza za namondwe, palibe wopita ku gombe. Mphenzi zikayamba kung'anima, msodzi amagoneka ndodo yake pansi ndi kucokapo.

Msodzi wanzeru sapita yekha. Amauza a kunyumba kumene wapita ndi nthawi imene abwere. Amanyamula madzi akumwa ndi cisoti. Amavala nsapato, cifukwa zigoba za nkhono zimaceka ngati lumo. Mwana sapita ku gombe popanda munthu wamkulu.

Kusunga nsomba za mawa

Nyanja yamcere ndi yaikulu, koma nsomba zake zikhoza kutha. Mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja amadya nsomba ndi kugulitsa nsomba. Ndalama za mayunifomu ndi makope a ana zimacokera momwemo. Nsomba zikatha, mabanjawo amavutika.

Conco msodzi akagwira kansomba kakang'ono, amakabwezera m'madzi. Amayamba wanyowetsa manja, kenaka n'kucotsa mbedza mosamala. Kansombako kakakula kadzaikira mazira ambiri-mbiri. Amatenga nsomba zokwanira ndiwo, osati zakuti zikaole.

Kugwira nsomba ndi neti ya udzudzu n'koletsedwa, ku Mozambique ndi ku Zambia komwe. Maso a netiyo ndi ang'ono kwambiri. Imakokolola tiana ta nsomba pamodzi ndi mazira. Nchito ya neti imeneyo ndi kuteteza anthu ku malungo. Akamba a m'nyanja nawo ndi otetezedwa ndi lamulo. Amabwera usiku kudzaikira mazira mu mcenga. Munthu sayenera kuwapha kapena kufukula mazira ao.

Ku Zambia kulinso lamulo losunga nsomba. M'mitsinje ndi m'nyanja zambiri, boma limatseka usodzi kuyambira pa 1 Disemba mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Imeneyi ndi nthawi imene nsomba zimaswana.

Nsomba zimene msodzi watenga amazitumbula msanga. Amaziika pa mthunzi, cifukwa dzuwa la ku gombe limaoletsa nsomba. Zotsala amazithira mcere ndi kuziyanika.

Pocoka, amatola zingwe zoduka ndi mapulasitiki. Cingwe cotayidwa cimakola mbalame ndi akamba. Amatsazika eni gombe ndi kuwathokoza. Akafika kunyumba, amatsuka mbedza ndi kagudumu ndi madzi a pa mpopi, cifukwa mcere umabweretsa dzimbiri.

Tsiku loyamba, mlendo akhoza kubwera ndi nsomba imodzi cabe. Mwinanso osagwira ngakhale imodzi. Koma wadziwa nthawi ya madzi. Waona pamene pali khwawa. Wapeza anzake omulangiza. Ndipo wafika kunyumba ali wamoyo, mawa adzapitanso.

Yankhani mafunso awa

1. Kodi mtsinje wa Zambezi umathira m'nyanja iti?
2. N'cifukwa ciani madzi a m'nyanja yamcere samwedwa?
3. Kodi madzi a m'nyanja yamcere amakwera kangati pa tsiku?
4. N'ciani cimene cimakoka madzi a m'nyanja?
5. Msodzi amadziwa bwanji kuti pamalo ena ndi pozama?
6. N'cifukwa ciani msodzi ayenera kuceuka kawiri-kawiri?
7. Munthu acite ciani madzi othamanga akamutenga?
8. N'cifukwa ciani neti ya udzudzu ndi yoletsedwa pa usodzi?

Tsirizani ziganizo izi

Sankhani mau oyenera: nyambo, mwezi, mtovu, dzimbiri, thovu

1. Msodzi amaika __________ ku mbedza.
2. __________ umakoka madzi a m'nyanja.
3. Mafunde akasweka amacita __________ loyera.
4. __________ umamiza nyambo pansi.
5. Mcere umabweretsa __________ ku mbedza.

Nchito

1. Lolemba madzi adzala pa 06:00. Kodi Laciwiri adzadzala nthawi yanji?
2. Jambulani gombe m'makope mwanu. Sonyezani mtumbira wa mcenga, khwawa, mafunde ndi pamene msodzi aimirire.
3. Awiri-awiri, citani kasewero. Wina akhale mlendo, wina akhale mwini gombe. Mlendo apereke moni ndi kufunsa mafunso atatu.
4. Funsani akulu kunyumba tanthauzo la mwambi wakuti "madzi saiwala khwawa". Mawa mudzauze anzanu m'kalasi.